SmartPad ya Seiko pa Palm: imasunga chithunzi cha zolemba zanu, osati mawu

Funso loti munthu agule kapena asagule SmartPad ya Seiko, chipangizo chotumiza zimene mwalemba papepala ku Palm (kakompyuta ka m'manja kosungira kalendala ndi maadiresi), limatha msanga akangomvetsa chinthu chimodzi. Chimene chimalowa mu Palm si mawu amene walemba, koma chithunzi cha mmene cholembera chayendera papepala. Palm siizindikira ngati kamzere kokhotako ndi chilembo kapena ndi msewu wa pamapu. Munthu amene zolemba zake zimadzaza ndi zojambula, mapulani, masamu ndi timivi tolozera uku ndi uku, chipangizochi chimamuchitira ntchito imene Palm payokha singaithe. Koma amene amalemba ziganizo zokhazokha, ndalama zake angachite bwino kugulira kiyibodi yopinda. Pakati pa anthu awiriwa pali zinthu zing'onozing'ono zambiri, ndipo ndi zimenezi zomwe zimachititsa kuti wina aikonde pamene mnzake waitsekera m'kabati mwezi usanathe.

Seiko Instruments inatulutsa SmartPad m'chaka cha 2000 pamtengo wa madola 199 a ku America. Mtengowu uyenera kuyerekezedwa ndi wa Palm yeniyeniyo: Palm ya mtundu wa m100, imene inatuluka chaka chomwecho, inkagulitsidwa madola 149. Ndiye kuti kwa ena chothandizira chinkadula kuposa chothandizidwa. Kunja SmartPad imaoneka ngati kachikwama ka mapepala kotseka ndi zipi. Mukaitsegula, kumanzere kuli malo oikapo Palm, kumanja kuli kope la mapepala wamba la mainchesi 5 m'lifupi ndi 8 m'litali, omwe ndi masentimita pafupifupi 13 ndi 20. Pansi pa kopelo pali thabwa lopyapyala lamagetsi lomwe limamva pamene pali nsonga ya cholembera. Cholemberacho chimalemba ndi inki yeniyeni, koma mkati mwake muli batire ndi kachipangizo kotumiza chizindikiro ku thabwalo. Thabwa likalandira, limatumiza mizereyo ku Palm kudzera pa kawindo ka infrared (kuwala kosaoneka ndi maso), popanda chingwe. Mukamalemba papepala, mizere yomweyo imaonekera pa sikirini.

Chimene Seiko inachita mwanzeru ndi pulogalamu yake. Zolemba za inki zimatha kumangiriridwa ku zinthu zimene zili kale mu Palm, monga dzina la munthu mu buku la maadiresi, msonkhano wa pa kalendala kapena ntchito ya pa mndandanda wa zochita. Mapu a njira yopitira kwa kasitomala amakhala pamodzi ndi dzina la kasitomalayo. Chojambula cha pamsonkhano wa Lachiwiri chimakhala pa Lachiwiri lomwelo. Kope la mapepala silingachite zimenezi, ndipo apa ndi pamene pagona phindu lenileni la chipangizochi. Mukachita HotSync, komwe ndi kulumikiza Palm ndi kompyuta kuti zigawane zimene zasungidwa, zolembazo zimapita pa kompyuta ya Windows, pomwe mungathe kuziona zonse, kuzisindikiza kapena kuzitumiza pa imelo ngati chithunzi.

Tsamba lalikulu pa sikirini yaing'ono

Vuto loyamba ndi la masamu, ndipo palibe pulogalamu imene ingalithetse. Palm III, Palm V, m100 ndi m500 zonse zili ndi sikirini ya timadontho 160 chopingasa ndi 160 chotsika. Tsamba la masentimita 20 likafinyidwa kuti lonse likwane pa timadontho 160, sentimita iliyonse imapeza timadontho 8 basi. Chilembo chaching'ono cha munthu wolemba bwinobwino chimatalika mamilimita pafupifupi 3, kutanthauza timadontho tiwiri kapena titatu. Pamene mzere umodzi wa zilembo za Palm yeniyeniyo umatenga timadontho 11. Choncho mukaonetsa tsamba lonse, mumaona maonekedwe ake okha: apa pali ndime, apa pali bokosi, apa pali muvi. Mawu sawerengeka.

Kuti muwerenge muyenera kukulitsa. Mukakulitsa kanayi, sikirini imaonetsa kachigawo ka masentimita 5 mbali zonse, ndipo tsamba limodzi limagawika tizigawo pafupifupi 12, titatu chopingasa ndi tinayi chotsika. Chiganizo chimodzi chotalika kuchokera kumanzere mpaka kumanja chimafuna kusuntha chithunzi kawiri, kenako kubwerera kumanzere kuti muyambe mzere wotsatira. Zili ngati kuunika chipinda chachikulu ndi kamtengo ka machesi. Kompyuta ina ya m'manja, monga Sony CLIÉ yokhala ndi timadontho 320 mbali zonse, kapena Pocket PC ya 240 ndi 320, imachepetsako vutoli ngati pulogalamu ikutha kugwiritsa ntchito timadontho tonseto, koma silithetu.

Pali njira yokhalira nalo. Lembani zilembo zikuluzikulu kuposa mmene mumalembera masiku onse, ndipo gawani tsamba pakati ndi mzere wotsika kuti muzilemba mizere ifupiifupi m'magawo awiri. Mukatero mumangosuntha chithunzi chotsika. Koma dziwiranitu kuti malo owerengera zolembazi ndi pa kompyuta kapena papepala lomwe munalembapo. Pa Palm ndi pongoyang'anira mapu, nambala kapena chojambula. Ngati cholinga chanu ndi kuwerenga zokambirana za pamsonkhano muli paulendo, pa sikirini ya Palm, mudzakhumudwa.

Vuto lachiwiri ndi limene limawononga zolemba zambiri kuposa ena onse. Thabwa lamagetsi limadziwa malo amene cholembera chili, koma silidziwa pepala limene lili pamwamba. Mukatembenuza tsamba osauza pulogalamu kuti mwayamba latsopano, zonse zimene mulembe zimagwera pamwamba pa tsamba loyamba mu Palm. Papepala zonse zimaoneka bwino, ndipo simuzindikira kanthu mpaka mutayang'ana pa sikirini n'kupeza masamba awiri apiringizana moti palibe lowerengeka. Izi zimachitika kwambiri pamsonkhano wothamanga, pamene maso ali pa wolankhula. Mankhwala ake ndi chizolowezi: kaye uzani Palm, kenako tembenuzani pepala, nthawi zonse m'ndondomeko yomweyo. Ena amalemba kachizindikiro pansi pa tsamba lililonse la kope latsopano asanayambe kuligwiritsa ntchito, kuti dzanja likafika pamenepo akumbuke.

Kubwerera m'mbuyo n'kovutanso chimodzimodzi. Mukafuna kuwonjezera mawu pa tsamba la dzulo, muyenera kutsegula tsamba lomwelo pa Palm, ndipo pepalalo liyenera kukhala pamalo enieni pomwe linali. Kope likasuntha ndi mamilimita 3 okha, kamzere kodula pa "t" kamagwera pambali, ndipo nambala imene mwaizunguliza papepala si imene yazunguliridwa pa sikirini. Pa zolemba za mawu izi zimangonyansa. Pa tebulo la mitengo kapena pa chojambula cha miyeso, zingathe kusocheretsa amene mwamutumizira. Onetsetsani kuti katoni ya kumbuyo kwa kope yalowa mpaka kumapeto m'kathumba kake, ndipo tsamba limene mwang'amba musalibwezeretsepo n'cholinga chowonjezera kanthu. Lembani nambala ya tsamba ndi tsiku pakona ya kumwamba musanalembe china chilichonse, kuti pepala ndi chithunzi chake zizipezana mosavuta.

Kukhuthala kwa kope nakonso kuli ndi malire. Chizindikiro cha cholembera chimafooka chikatalikirana ndi thabwa, choncho kope lonenepa kuposa limene linabwera ndi chipangizocho, kapena mapepala ena olowetsedwa pansi pake, zimachititsa kuti mizere iziduka. Ubwino wake ndi woti pepala lililonse la saizi imeneyo limagwira ntchito. Sipafunika mapepala apadera.

Ndiye pali nkhani ya kuthina kwa dzanja. Zolembera za mtunduwu zimadziwa kuti mwayamba kulemba nsonga ikakanikizika pang'ono. Bolopeni imatha kusiya inki papepala ngakhale mwangokhudza, koma kaswichi ka mkati sikamva. Anthu a dzanja lopepuka amapeza kuti timadontho ta pa "i", zizindikiro za koma (,), ndi poyambira pa zilembo zasowa. Pa mawu mumatha kungoganizira. Pa manambala n'zoopsa, chifukwa 1.5 wopanda kadontho ndi 15. Amene amalemba miyeso kapena ndalama ayenera kuzolowera kupanga kadontho ngati kabwalo kakang'ono.

Infrared imafuna kuti mawindo awiri aziyang'anana. Muyezo wa IrDA, umene zipangizozi zimatsata polumikizana ndi infrared, umafika pafupifupi mita imodzi, ndipo kuwalako kumayenda m'kanjira kopapatiza ka madigiri 15 mbali iliyonse. M'kati mwa chikwama mtunda si vuto, koma Palm ikapendekeka pang'ono, kapena kapepala kakagwera pakati, kulumikizana kumaduka. Dzuwa lowala kwambiri likamagunda pa kawindoko limasokonezanso, chifukwa nalonso lili ndi infrared yambiri. Amene akufuna kulembera panja masana, monga oyendera nyumba zomangidwa, ayese kaye asanadalire. Palm III ndi Palm V zili ndi kawindoka kumutu, pamene Handspring Visor, yofanana ndi Palm koma ya kampani ina, ili nako m'mbali. SmartPad2, imene inabwera pambuyo pake, inapangidwa kuti ilandire zipangizo zambiri kuphatikizapo za Pocket PC, choncho funsani kuti ndi mtundu uti umene mukugula komanso ngati chipangizo chanu chili pa mndandanda wake.

Chogwirizana ndi zimenezi ndi kuzima kwa Palm. Zolemba zimasungidwa mu Palm, choncho iyenera kukhala yoyaka, pulogalamu ili yotsegula, nthawi yonse imene mukulemba. Koma Palm imadzizimitsa yokha ikakhala osakhudzidwa kwa mphindi imodzi, ziwiri kapena zitatu, malinga ndi mmene mwaikira mu Prefs pansi pa General. Pamsonkhano munthu amatha kumvetsera mphindi zisanu osalemba kanthu. Akayambiranso kulemba osayang'ana kumanzere, inki imatsala papepala pokha. Ikani nthawiyo pa mphindi zitatu, ndipo muziponya diso pa sikirini musanalembe mzere woyamba mukapuma. Palinso timapulogalamu tina toletsa Palm kuzima, koma timadya batire.

Mabatire ndi a mitundu itatu, ndipo lililonse likatha zonse zimaima. Thabwa limagwiritsa ntchito mabatire awiri a AAA. Cholembera chimafuna limodzi la AAAA, lomwe ndi lowonda kuposa AAA: mamilimita 8.3 m'mimba mwake poyerekeza ndi 10.5. Batire limeneli silipezeka paliponse, choncho gulani awiri kapena atatu nthawi imodzi n'kusunga limodzi m'chikwamamo. Likamafooka, chizindikiro choyamba ndi mizere yodukaduka, makamaka m'mphepete mwa tsamba, ndipo ambiri amayamba kukayikira thabwa kapena Palm pamene vuto lili m'cholembera. Yambani ndi batire la cholembera nthawi zonse. Batire lachitatu ndi la Palm yeniyeniyo. Palm inatchuka chifukwa chokhala milungu ingapo ndi mabatire awiri a AAA, koma zinkatheka chifukwa anthu ankaiyatsa masekondi ochepa, kuona nambala n'kuzimitsa. Kuisiya yoyaka ola lathunthu ikulandira infrared ndi kagwiritsidwe kena, ndipo mabatire amatha msanga kwambiri.

Apa pali ngozi imene eni Palm akale amaidziwa. Palm III ndi zinzake zimasunga zonse mu memori imene imafuna magetsi nthawi zonse. Posintha mabatire muli ndi pafupifupi mphindi imodzi, ndipo akatheratu osasinthidwa, zonse zimafufutika. Zolemba za inki zimene simunazitumize pa kompyuta zimapita limodzi. Chitani HotSync tsiku lililonse limene mwalemba zofunika, komanso musanatsegule kachitseko ka mabatire. Chotonthoza n'chakuti pepala limatsala. Pa zipangizo zonse zolembera za nthawi imeneyo, ubwino uwu unali weniweni: chilichonse chikalephera, simutuluka mu msonkhano chimanjamanja.

Za malo osungira, Palm V ndi m100 zili ndi 2 MB, Palm IIIx ili ndi 4 MB, pamene Vx ndi IIIxe zili ndi 8 MB. Tsamba la mawu otayipa limatenga pafupifupi 1 KB. Tsamba la inki limatenga kangapo kuposa pamenepo, ndipo kukula kwake kumadalira kuchuluka kwa mizere, moti chojambula chopakidwapakidwa mithunzi chimadya malo kuposa masamba angapo a mawu. Njira yodziwira za dzanja lanu ndi yosavuta. Pa sikirini ya mapulogalamu tsegulani menyu ya App, sankhani Info, lembani malo otsala. Lembani masamba khumi mmene mumalembera nthawi zonse, yang'ananinso, gawani kusiyanako ndi 10. Ndi 2 MB muyenera kumachotsa zolemba zakale kawirikawiri. Ndi 8 MB mumapuma.

Zimene Find saziona

Batani la Find ndi limodzi mwa zinthu zimene zimapangitsa Palm kukhala yothandiza. Mumalemba mawu amodzi, ndipo limafufuza mu maadiresi, mu kalendala, mu zochita ndi mu Memo Pad. Inki siliiona. SmartPad siisandutsa zolemba pamanja kukhala zilembo za kompyuta, choncho dzina la munthu limene mwalemba pakati pa tsamba silidzapezeka ndi Find, simungalikopere mu imelo, ndipo nambala ya foni muyenera kuilowetsanso nokha mu buku la maadiresi. Masamba akafika 200, kusaka chinthu kumakhala kutsegula limodzilimodzi, ndipo pa sikirini yaing'ono ija izi zimachedwa kuposa kuvundukula kope.

Choncho tsamba lililonse limafuna mutu wotayipa. Mangirirani inki ku msonkhano kapena ku dzina, ndipo ikanipo mawu atatu kapena anayi amene mungadzawakumbuke pofufuza: dzina la kasitomala, dzina la ntchito, mtundu wa chojambula. Zimatenga masekondi osakwana makumi atatu, koma ziyenera kuchitika nthawi yomweyo. Amene amati adzaika mitu madzulo amathera ndi mulu wa zithunzi zopanda maina. Ngati mukudzidziwa kuti mwambo wotere simungausunge, chipangizochi sichikuthandizani, ngakhale zolemba zanu zikhale zojambula zokhazokha.

Polemba mitu imeneyi mungagwiritse ntchito Graffiti, kalembedwe kapadera ka pamanja kamene Palm imakasandutsa zilembo zotayipa, kapena kiyibodi yosindikizidwa pa thabwa pansi pa kope, imene mumagogoda ndi cholembera. Kiyibodiyi ndi yaikulu kuposa ya pa sikirini ya Palm, ndipo imathandiza pa manambala ndi zizindikiro zimene ambiri amaiwala kalembedwe kake mu Graffiti. Koma mumagogoda chilembo chimodzichimodzi, komanso muyenera kutukula kope, zomwe zingalisunthe. Ndi yokwanira pa mutu ndi adiresi. Ndime yathunthu ayi.

Pa mawu ambiri, mpikisano weniweni wa SmartPad ndi kiyibodi yopinda ya Stowaway ya kampani ya Think Outside, imene inkagulitsidwanso ndi dzina la Palm Portable Keyboard pamtengo wa madola pafupifupi 100. Ikapindidwa imangokulirapo pang'ono kuposa Palm, ikatambasulidwa mabatani ake ndi a saizi ya laputopu. Zimene mwatayipa zimapezeka ndi Find, zimalowa mu imelo, zimadya malo ochepa. Malire ake ndi oti memo imodzi pa Palm zakalezi imathera pa zilembo pafupifupi 4,000, kiyibodiyo imafuna tebulo lolimba, ndipo kugogoda kwa mabatani kumamveka m'chipinda chachete. Pali malo amene kutayipa kumaoneka ngati simukumvetsera, monga pokambirana ndi wodwala kapena pofunsa munthu mafunso, pamene kulemba papepala palibe amene amadabwa nako. Izi n'zoona ndipo zimawerengedwa ku mbali ya SmartPad.

Palinso Note Pad, kapulogalamu kamene kanayamba kubwera ndi m100, kolola kulemba pamanja pa sikirini penipeni. Pa nambala ya foni kapena kamapu ka misewu iwiri n'kokwanira, ndipo sikafuna kugula kanthu. Musanawononge ndalama, yesani kaye kameneka kwa mlungu umodzi. Mukaona kuti malo akukucheperani tsiku ndi tsiku, ndiye kuti mukufunadi tsamba lalikulu.

Kukula kwa chikwamacho si nkhani yoipeputsa. Palm inapangidwa kuti izikwana m'thumba la malaya, itulutsidwe ndi dzanja limodzi, iyake nthawi yomweyo. Ikalowa mu SmartPad imasanduka buku lonyamula m'khwapa, lofuna kutsegula zipi ndi malo oliyalapo. Kwa amene amayenda kale ndi chikwama cha mapepala, palibe chimene chasintha, ndipo Palm, kope, cholembera ndi makadi zimakhala pamodzi. Kwa amene anagula Palm kuti asiye kunyamula zoterezi, wabwerera pomwe anachoka. Chimene chimachitika n'chakuti Palm imayamba kutuluka m'chikwama kupita m'thumba, ndipo tsiku lofunika kujambula, chikwama chimapezeka kuti chatsala. Olemba ndi dzanja lamanzere ayesenso kaye, chifukwa mkono wawo umadutsa pamwamba pa Palm, ndipo sikirini yake imamva chilichonse chokanikiza, ngakhale batani la malaya.

Ndiye ndani amene imamuyenera? Katswiri wa zomangamanga kapena wa makina amene amajambula ndi miyeso pamalo a ntchito n'kufuna kutumiza ku ofesi tsiku lomwelo. Wogulitsa malonda amene amajambulira kasitomala mmene zinthu zidzakhalire, n'kumusiyira pepala iye n'kutsala ndi chithunzi chomangiriridwa ku dzina lake. Ichi n'chinthu chabwino kwambiri chimene chipangizochi chimachita: mumang'amba pepala, mumapereka, ndipo simunataye kanthu. Wophunzira masamu, sayansi ya mankhwala kapena zamagetsi, amene zizindikiro zake sizitayipika pa kiyibodi. Olemba m'zilembo zimene Graffiti siidziwa. Onsewa amafanana pa mfundo ziwiri: zolemba zawo sizingatayipidwe, ndipo zimafunika kupita kwa munthu wina kapena kusungidwa pamodzi ndi dzina ndi tsiku. Ngati imodzi yokha mwa ziwirizi ndi imene ikukukhudzani, kope wamba ndi sikana zimakwanira.

Zipangizo zina za nthawi yomweyo zinayesa njira zosiyana. CrossPad, imene A.T. Cross inapanga mogwirizana ndi IBM mu 1998, inkasunga masamba m'kati mwake n'kuwatumiza pa kompyuta pambuyo pake, choncho nkhani ya kuzima kwa Palm panalibe, koma inali yaikulu ndi yodula, ndipo sinkamangirira kanthu ku kalendala ya m'manja. InkLink ya Seiko yomweyo, ya 2002, inali theka la mtengo wa SmartPad: kachipangizo kopanira pamwamba pa pepala lililonse, komwe kamamva cholembera pogwiritsa ntchito infrared ndi mafunde a phokoso losamveka ndi khutu. Imalola mapepala aakulu ndipo imanyamulika, koma chala chikaphimba kunsonga kwa cholembera chizindikiro chimatchingika, kopanirako kakasuntha mizere imapita padera, ndipo kutembenuza tsamba kumafunabe kuuza pulogalamu. Logitech io, yanso ya 2002, inathetsa vuto la masamba pogwiritsa ntchito luso la Anoto: pepala lili ndi timadontho tosaoneka bwino, ndipo kakamera ka m'cholembera kamadziwa tsamba ndi malo. Mtengo wake unali woti munkayenera kumagula mapepala apaderawo nthawi zonse, ndipo zolemba zinkapita pa kompyuta.

Lero SmartPad imapezeka yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo kamera ya foni imajambula tsamba bwino kuposa mmene thabwa lake lingachitire. Imene yatsala ndi ntchito yake kwa amene akugwiritsabe Palm pa kalendala ndi maadiresi, kapena amene amasonkhanitsa zipangizozi. Ogula ayang'ane zinthu izi motsatana. Cholembera chikhalepo, chifukwa bolopeni wamba sigwira ntchito ndipo chikwama chopanda cholembera chake n'chikwama chabe. Tsegulani mosungira mabatire monse muwiri, muone ngati muli zoyera kapena zobiriwira zouma, zomwe zimasonyeza kuti batire linatayikira n'kudya zitsulo. CD ya pulogalamu ikhalepo. Inki imakhala itauma, ndipo kachubu ka inki kolowa m'malo kayenera kukhala ka utali weniweni, chifukwa kakafupika kaswichi sikakanikizika, kakatalika kamakhala kokanikizika nthawi zonse n'kumajambula mizere cholembera chili m'mwamba.

Kenako yesani kwa mphindi khumi. Jambulani bokosi lozungulira tsamba lonse, sentimita imodzi kuchokera m'mphepete, muone ngati mbali zonse zinayi zatuluka. Ndi rula ya pulasitiki, osati yachitsulo, kokani pang'onopang'ono mizere iwiri yodutsana kuchokera pakona kupita pakona. Mzere ukakhota kapena kuduka pamalo amodzimodzi kawiri, thabwa linapindika kapena linawonongeka pamenepo, ndipo silikonzeka. Lembani mzere wa manambala okhala ndi timadontho ndi makoma. Sainani mofulumira. Ikani cholembera pansi kwa mphindi zinayi, kenako lembani osakhudza Palm, muone chimene chachitika. Pomaliza chitani HotSync n'kusindikiza tsambalo, muliike pambali pa pepala lenileni.

Sitepe yomalizayi ndi imene imagwetsa ambiri masiku ano. Palm III ndi Palm V zimalumikizana ndi kompyuta kudzera pa doko (polowetsa chingwe) la serial la mapini 9, lomwe makompyuta atsopano alibe, choncho pamafunika chingwe chosinthira ku USB. Palm za USB monga m500 zinabwera ndi madiraiva (timapulogalamu tothandiza kompyuta kuzindikira chipangizo) amene sagwira pa Windows ya 64-bit, ndipo pamafunika ena opangidwa pambuyo pake. Pulogalamu ya Seiko inalembedwera Windows ya nthawi imeneyo. Njira yosavutitsa ndi kusunga kompyuta yakale, kapena kuyendetsa Windows yakale m'kati mwa yatsopano. Popanda mbali ya kompyutayi, zolemba zimatsekeredwa pa sikirini ya timadontho 160, ndipo theka la phindu latha. Palm V ndi Vx zili ndi batire la lithium lotsekeredwa m'kati mwa chikuto chomatidwa ndi guluu, ndipo lakale silingapirire ola la infrared, choncho werengerani ntchito yolisintha. Kumbukiraninso kuti kalendala ya Palm OS imathera pa 31 December 2031, ndipo kumangirira inki ku masiku a misonkhano kudzathera pomwepo.